Chipewa chachiwiri chikhale pa njinga iliyonse ya kabaza

Nthawi iliyonse apolisi apamsewu akayamba kugwira njinga zamoto za kabaza pa Dedza boma, pa Lizulu kapena pa Ntcheu, mkangano umene umabuka umakhala umodzimodzi. Akabaza amati akuzunzidwa: ntchito kulibe, adzipezera okha kopezera ndiwo, ndiye akufuna kuwalandanso. Apolisi amati akungotsata lamulo. Ife okwera timaima pakati, lero kudandaula za ngozi, mawa kukwera njinga yomweyo mutu uli pamtunda. Choipa n'chakuti nkhani ya zipewa zotetezera mutu imaunjikidwa pamodzi ndi ya layisensi, ya kulembetsa njinga ndi ya inshuwalansi, mpaka zonse zimamveka ngati mlandu umodzi wa ndalama. Ine ndikufuna kuichotsa nkhani ya chipewa pa mulu umenewo. Maganizo anga ndi akuti njinga iliyonse yonyamula anthu pa malipiro ikhale ndi zipewa ziwiri zenizeni, cha woyendetsa ndi cha wokwera, wogula akhale mwini njinga, ndipo njinga yopanda chipewa chachiwiri isaloledwe kuima pa siteji. Za mapepala enawo tingathe kukambirana, kupatsana nthawi ndi kuchepetsa mitengo. Za chipewa sindikuona pokambirana, chifukwa mwendo wothyoka umalumikizika, koma mbali ya ubongo imene yafa siimeranso.

Kuti mumvetse chifukwa chake ndikuuma khosi chonchi, tiyambe ndi zimene zimachitika mutu ukamenya phula kapena mwala. Aliyense amene anaswapo mutu wa mbuzi amadziwa kufewa kwa ubongo. Wa munthu ndi wofewa chimodzimodzi, ndipo umakhala m'kati mwa chibade utazunguliridwa ndi timadzi. Munthu akagwa pa njinga, chibade chimaima mwadzidzidzi pamene chagunda, koma ubongo umapitirirabe mpaka kukadzimenyetsa ku fupa cha m'kati, kenako n'kubwerera kukamenyanso mbali inayo. N'chifukwa chake munthu amene wamenya pamphumi amatha kuvulala ubongo wa kunkhongo. Mutu ukapotokanso mwamphamvu, timinyewa tating'onoting'ono timene timanyamula mauthenga m'kati mwa ubongo timakokeka ndi kuduka, ndipo kunja sipaoneka bala lililonse. Kenako pamabwera kutupa. Dzanja likatupa limakhala ndi malo otupira, koma chibade cha munthu wamkulu ndi chotseka ndipo sichitambasuka. Ubongo ukatupa, kapena magazi akayamba kuunjikana m'katimo, chimene chimapanikizika ndi ubongo womwewo, mpaka kufinya chigawo cha pansi chimene chimayendetsa kupuma.

Pali mtundu wina wa kuvulala umene ndikufuna munthu aliyense wa pa siteji aziudziwa, chifukwa ndiwo umapha anthu amene akanapulumuka. M'mbali mwa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala, ndipo pansi pake pamadutsa mtsempha wamagazi. Fupalo likang'aluka, mtsemphawo umatha kuduka. Wovulalayo mwina amakomoka pang'ono, kenako amatsitsimuka, kudzisasa fumbi, kukangana ndi wakabaza za ndalama, n'kunena kuti “ndili bwinobwino, tiyeni.” Amafika kunyumba, amadya nsima, amadandaula mutu, amasanza, n'kukagona. Nthawi yonseyo magazi akuunjikana pakati pa fupa ndi chikuto cha ubongo. M'mawa samadzuka. Pamaliro anthu amanong'onezana kuti pali dzanja la munthu, popeza dzulo lomweli amayenda ndi kulankhula. Palibe dzanja la munthu pamenepo. Ndi magazi amene dokotala akanawachotsa potsegula chibade, ndipo ambiri amene achitidwa opaleshoni imeneyi nthawi yake isanathe amachira n'kubwerera ku ntchito zawo. Kwa okalamba ndi omwa mowa kwambiri zimatha kuchedwa koposa: timitsempha tating'ono timadontha pang'onopang'ono, ndipo patapita milungu ingapo agogo amayamba kuiwalaiwala, kudzandira ndi kugonagona, ife n'kumati ndi ukalamba, titaiwala kale zoti anagwa pa njinga pobwera ku chigayo.

Tsono mawu akuti “nthawi yake isanathe” ndiwo akutipweteka ife a kuno. Makina ojambula m'kati mwa mutu a CT scan ndiponso madokotala ochita opaleshoni ya ubongo amapezeka ku zipatala zazikulu, ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi ku Queen Elizabeth ku Blantyre, ndipo madokotala otere m'dziko muno ndi owerengeka. Kuchokera pa Dedza boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 85. Kuchokera pa Ntcheu, kaya mulowere ku Lilongwe kaya ku Blantyre, ndi makilomita 150 kapena kuposerapo. Koma ngozi zambiri sizichitikira pa boma. Taganizani za munthu amene wagwa madzulo ku Tsangano, ku Kasinje, ku Mayani kapena m'makhotakhota otsikira ku Golomoti. Ayambe wapeza chomunyamula kukafika pa chipatala chaching'ono, pamenepo aitane ambulansi, ambulansiyo ikhale ilipo ndipo ili ndi mafuta, afike pa chipatala cha boma, amuone, amulembere kalata, kenako ulendo wa pa M1 uyambe. Aliyense pa mndandanda umenewu angathe kugwira ntchito yake mokhulupirika, komabe maola n'kutha ambiri kuposa amene ubongo wopanikizika ungadikire. Pa chifukwa chimenechi, kwa munthu wa ku Dedza ndi ku Ntcheu chitetezo chimene chimafika pa nthawi yake ndi chokhacho chimene anavala asanakwere.

Kodi chipewacho chimathandizadi, kapena ndi mwambo chabe? Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2018 kuti chipewa chovalidwa bwino chimachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 pa 100, ndipo cha kuvulala mutu ndi 69 pa 100. Bungwe lomwelo linanena mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa misewu chaka chilichonse, ndipo ngozi za pamsewu ndizo zikutsogolera kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, msinkhu womwewo wa anyamata ambiri a pa siteji. Kagwiridwe ntchito ka chipewa ndi kosavuta kumva. Chikamba cholimba cha kunja chimamwaza mphamvu ya kugundako kuti isalunjike malo amodzi. M'kati muli chinkhupule cholimba choyera chimene chimaphwanyika dala, ndipo pophwanyikapo chimachititsa kuti mutu uime pang'onopang'ono m'malo moima kamodzin'kamodzi. Amayi ogulitsa tomato pa Lizulu amadziwa nzeru imeneyi kuyambira kale: amayala udzu m'dengu kuti kugogoda kwa msewu kuthere pa udzu, tomato afike wamphumphu. Tomato timamuyalira udzu, koma mayi mwini wakeyo amakhala kumbuyo kwa njinga ndi duku lokha.

Otsutsana nane ali ndi mfundo, ndipo zina ndi zolemera. Yoyamba ndi ya ndalama. Amati mnyamata wa kabaza nthawi zambiri njinga si yake. Madzulo aliwonse kapena pakutha pa mlungu amapereka ndalama yokhazikika kwa bwana, mafuta akwera mtengo, matayala ndi tcheni zimatha msanga m'misewu yathuyi, ndiye chipewa chachiwiri achigula ndi chiyani? Ndikuvomereza kuti mnyamatayo ndi wopanikizika, ndipo n'chifukwa chake ndanena kuti wogula akhale mwini njinga. Munthu amene wakwanitsa kugula njinga yamoto kuti izimubweretsera phindu sanganene kuti chipewa chamulaka, pakuti mtengo wake ndi kagawo kochepa ka mtengo wa njingayo. Mwini minibasi sauza okwera kuti abwere ndi mipando yawo. Mpando ndi mbali ya malonda ake, ndipo chipewa cha wokwera ndi mbali ya malonda a kabaza. Kwa iwo amene njinga ndi yawoyawo, masiteji ambiri ali kale ndi tcheyamani, msungichuma ndi ndalama yolowera, ndipo mnzawo akamwalira amasonkha mwachangu zogulira bokosi ndi kuperekeza maliro pa mdipiti wa njinga. Gulu limene limatha kusonkhera bokosi lingathenso kusonkhera zipewa, mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa, monga zimayendera m'mabanki mkhonde. Tiwerengenso mtengo wa mbali inayo. Munthu akagonekedwa ku Kamuzu Central kwa milungu, wina wa pabanja amasiya munda kukakhala gadiyani, mbuzi zimagulitsidwa, mbatata ya kachewere imaolera m'munda, ana amajomba kusukulu. Umphawi umene anthu akuuika ngati chifukwa chosagulira chipewa ndi umene umakula kwambiri chipewa chikasowa.

Mfundo yachiwiri ndimaimva kwambiri kwa amayi, ndipo sindiinyoza. Amati chipewa chimene avala anthu makumi angapo pa tsiku chimanunkha thukuta, chingapatsire zipere kapena nsabwe, ndipo munthu amene walukitsa tsitsi ndi ndalama zake kupita ku ukwati kapena ku tchalitchi safuna kufika litaphwanyika. Zoona, zipewa zina zimene akabaza amapachika pa chiwongolero ndi zonyansa moti munthu sangafune n'kuzigwira komwe. Koma yankho la chinthu chakuda ndi kuchichapa. Nsalu ya m'kati mwa zipewa zambiri imachoka n'kuchapidwa, ndipo ikayanikidwa padzuwa imauma tsiku lomwelo. Duku limene amayi ambiri avala kale, kapena kansalu kopyapyala, limakwanira kulekanitsa mutu ndi chipewa. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, njinga iliyonse yonyamula anthu imayenda ndi zipewa ziwiri, ndipo amayi a kumeneko, amene nawonso amalukitsa tsitsi, amavala popanda mkangano chifukwa woyendetsa sanyamuka wokwera asanavale. Komanso tiyeze zinthu ziwirizi moona mtima. Chipere chimapola ndi mankhwala opaka. Tsitsi limalukidwanso. Ndipo okwera tikayamba kusankha njinga ya chipewa chaukhondo n'kusiya ya chipewa chakuda, anyamatawo aphunzira kuchapa mlungu usanathe, pakuti pa siteji kasitomala ndiye amalamula.

Mfundo yachitatu ndiyo yofala koposa, ndipo ndiyo yolakwika koposa: “Ndi pafupi pomwepa achimwene, ndipo sitithamanga.” Anthu amaganiza kuti chipewa ndi cha ulendo wautali wa pa phula, osati wochoka pamsika kupita kumudzi. Choyamba, mutu wa munthu amene wakhala pa njinga uli mwina mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Chinthu chogwa kuchokera pamenepo chimafika pansi pa liwiro la makilomita pafupifupi 20 pa ola, ngakhale njingayo itaima chiimire. Kugunda kotere pa mwala kapena m'mphepete mwa ngalande ya simenti n'kokwanira kung'alula fupa lopyapyala lija la pafupi ndi khutu. Chachiwiri, zipewa zovomerezeka pa muyezo wa ku Europe zakhala zikuyesedwa pozigwetsa pa liwiro la makilomita pafupifupi 27 pa ola. Izi zikutanthauza kuti chipewa chinapangidwira makamaka kugwa kwa tsiku ndi tsiku kumene anthu akukupeputsaku. Munthu wowombana maso ndi maso ndi thiraki pa M1 chipewa sichingamulonjeze moyo. Koma amene tayala lake laterereka m'matope a mwezi wa January, amene galu kapena mbuzi yamudutsira kutsogolo, amene wagwera m'dzenje chifukwa cha nkhungu ya ku Bembeke, amene chitenje chakodwa m'masipoko, ameneyo chipewa ndicho chimasiyanitsa kudzuka ndi mikwingwirima ndi kudzuka osadziwa dzina la mwana wake. Ulendo waufupi ndiwo timauyenda kawirikawiri, choncho ndi pomwenso timagwa kawirikawiri.

Ena amati chipewa chimatseka makutu ndi maso, ndiponso chimathyola khosi chifukwa cholemera. Chipewa chabwino chimasiya malo okwanira kuona m'mbali, hutala imamveka bwinobwino, ndipo kafukufuku wa ngozi sanaonetse kuti ovala zipewa amavulala khosi kuposa osavala. Pamenepa sindichedwapo.

Yofunika kuchedwapo ndi mfundo ya chikhulupiriro ndi ufulu. Pali amene amati tsiku likakwana lakwana, uvale usavale, wosunga moyo ndi Mulungu. Palinso amene amati mutu ndi wanga, ndikafuna kuuika pachiswe ndi zanga. Kwa oyambawo ndingoti anthu omwewo amagona m'masikito, amatseka chitseko usiku, amathira mankhwala m'chimanga kuti anankafumbwe asadye, ndipo palibe amene amati potero akusowa chikhulupiriro. Koma chachikulu chimene mfundo zonse ziwirizi zimaphonya n'chakuti zimaganiza ngati mapeto a ngozi ndi awiri okha, kufa kapena kupulumuka. Pali mapeto achitatu, ndipo ndiwo ali m'midzi mwathu. Ndi bambo amene anabwerako kuchipatala akuyenda, koma mkazi wake amati “si iwo aja.” Kale anali wofatsa, tsopano amapsa mtima ndi kanthu kochepa, amatukwana pamaso pa apongozi, amaiwala zimene wauzidwa m'mawa, sangathe kuwerengera chenji. Mbali ya ubongo ya kumphumi, imene imagundidwa kawirikawiri, ndiyo imathandiza munthu kudziletsa ndi kukonza zochita, choncho ikavulala khalidwe limasintha. Wina amayamba kugwa khunyu patapita miyezi kapena zaka, chifukwa cha chipsera cha pa ubongo, ndipo sangayendetsenso njinga kapena kukhala yekha pafupi ndi moto. Wina dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zimafooka, wina mawu amasokonekera. Anthu otere m'mudzi amangotchedwa ozungulira mutu, ana amawaseka, ndipo thandizo lowaphunzitsanso kuyenda ndi kulankhula ndi losowa kwambiri kunja kwa mizinda. Wosenza katundu ameneyu ndi mkazi, mayi wokalamba, mlongo, mwana wamkazi amene wasiya sukulu kuti azisambitsa bambo ake. Ndiye mawu akuti “mutu ndi wanga” ndi oona pokhapokha munthu asanagwe. Akagwa mutuwo umakhala wa banja lonse. Kuwonjezera apo, wokwera amene sanapatsidwe chipewa sanasankhe chilichonse. Wina wamusankhira.

Mfundo yomaliza ndi ya anthu oganiza mozama, ndipo mbali yake yaikulu ndikugwirizana nayo. Amati kulimbana ndi zipewa n'kuthawa mavuto enieni: anyamata akuyendetsa osaphunzira, ena atamwa kachasu, njinga imodzi ikunyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga, misika ya pa Chimbiya, pa Lizulu ndi pa Kampepuza yalowa m'msewu momwe mumadutsa mathiraki ndi mabasi, ndipo apolisi ena lamulo lililonse latsopano amalisandutsa munda wa ziphuphu. Zonsezi n'zoona, ndipo chipewa sichiletsa ngozi ngakhale imodzi. Koma taonani nthawi imene chilichonse mwa izi chingatenge. Kukulitsa msewu, kusamutsa msika, kuphunzitsa anyamata masauzande ndi kuchulukitsa madokotala a ubongo ndi ntchito ya zaka, ndipo yambiri ili m'manja mwa anthu amene sitikumana nawo. Chipewa ndi chokhacho chimene chingasinthe mwezi uno ndi manja athu. Dziko la Vietnam, kumene njinga zamoto ndi zochuluka kwambiri, linalamula kuti kuyambira pa 15 December 2007 aliyense wa pa njinga yamoto azivala chipewa pa msewu uliwonse, ndipo ovala anakwera kupitirira 90 pa 100 m'masiku ochepa, misewu ikadali yomweyo. Kuno kwathu lamulo loti woyendetsa ndi wokwera onse azivala lilipo kale. Chimene chikusowa ndi njira yolitsatira imene siidalira kuthamangitsana.

Pa za ziphuphu, n'chifukwa chake ndikufuna mphamvu yaikulu ikhale pa siteji osati pa chipata cha apolisi. Kuthamangitsa njinga yonyamula munthu n'kuika pachiswe mutu womwewo umene lamulo likufuna kuteteza, ndipo kulanda njinga zambirimbiri tsiku limodzi, kenako n'kukhala chete miyezi itatu, kumangophunzitsa anyamata njira zodutsira kuseri. Tcheyamani wa siteji amadziwa njinga iliyonse ndi mwini wake. Makhonsolo a Dedza ndi Ntcheu, pamodzi ndi apolisi ndi mafumu, angathe kugwirizana ndi masiteji kuti njinga yopanda zipewa ziwiri isalowe pa mzere, ndipo siteji imene ikulekerera ndiyo iyankhe. Wapolisi akapeza njinga yopanda chipewa chachiwiri, chilango chilunjike kwa mwini wake, ndipo njingayo ibwezedwe akaonetsa chipewa. Cholinga chikhale chakuti ndalama ithere ku sitolo ya zipewa, osati m'thumba la munthu.

Pali msampha wina umene a ku Vietnam anagweramo ndipo ife tayamba kale kugweramo: chipewa chongoonetsa apolisi. Misika yawo inadzaza ndi tizipewa tapulasitiki topanda chinkhupule cha m'kati chija. Kuno ndimaona akabaza atavala zipewa za pa ntchito ya zomangamanga, zimene zinapangidwira kutchinga chinthu chogwa kuchokera kumwamba ndipo zimauluka munthu asanafike pansi. Ena avala chipewa chenicheni koma lamba wa pachibwano ali lendelende, kapena achikankhira kunkhongo kuti azilankhula pa foni. Chipewa chosamanga lamba chimachoka pa nthawi yeniyeni imene chikufunika. Ena akuvalabe chimene chinagundapo kale, osadziwa kuti chinkhupule chikaphwanyika kamodzi sichibwerera, ngakhale kunja kukuoneka kosalala. Apa ndi pamene boma lili ndi ntchito yake yeniyeni: a bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards aziyang'ana zipewa zolowa m'dziko, ndipo ngati tikufunadi kuti osauka agule zenizeni, msonkho wa pa zipewa zovomerezeka uchotsedwe. Kwa ife a m'malire ndi Mozambique, kumene katundu amadutsa mbali zonse za msewu, kuyang'ana kumeneku kuyenera kufika m'misika, osathera pa chipata cha Dedza.

Ndikufunanso kuti masiteji omwewo aphunzitsidwe zochita ngozi ikachitika, chifukwa woyamba kufika pamalo a ngozi pafupifupi nthawi zonse amakhala wakabaza mnzake. Chizolowezi chathu ndi kumudzutsa wovulalayo, kumugwedeza, kumuthira madzi, kumumwetsa, n'kumukhazika pakati pa anthu awiri pa njinga ina mutu uli zyolizyoli. Ndi chifundo, koma chimatha kupha. Munthu wovulala mutu kwambiri angakhale wavulalanso khosi, choncho mutu ndi khosi zisungidwe mowongoka, ndipo chipewa chisavulidwe mokoka pokhapokha ngati chikumulepheretsa kupuma. Wokomoka asamwetsedwe kanthu, pakuti madzi amalowa m'mapapo. Akamasanza, atembenuzidwe chammbali thupi lonse pamodzi. Ndipo aliyense amene wakomoka ngakhale pang'ono, amene sakukumbukira zimene zachitika, amene akusanza mobwerezabwereza, amene mutu ukupweteka mowonjezereka, amene akutuluka magazi kapena timadzi m'khutu kapena m'mphuno, amene akugona mosadzutsika, akuphupha, kapena kadontho kakuda ka diso limodzi kakula kuposa ka linzake, apite kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana.

Ndikudziwa chimene ena ayankhe: kuti pa chipatala cha pafupi akangowapatsa Panado n'kuwabweza, ndiye kuvutikiranji. Ayi. Ngakhale popanda makina ojambula mutu, achipatala ali ndi njira yoyezera kuopsa kwa kuvulala imene madokotala awiri, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anaikonza ku Glasgow mu 1974. Amaona mmene wodwala akutsegulira maso, mmene akuyankhira ndi mmene akusunthira ziwalo, n'kupereka nambala yoyambira 3 mpaka 15. Nambala ya 8 kapena kutsika pamenepo imasonyeza kuvulala kwakukulu, ndipo nambala imene ikutsika pakapita maola ndiyo imawauza kuti m'katimo zinthu zikuipa, ambulansi inyamuke. Kuyang'anira kotereku sikungachitike munthu atagona yekha m'chipinda chamdima kumudzi. Achipatala akamubweza, pakhale munthu wamkulu womuyang'anira usiku woyambawo, asamwe mowa, asamwe aspirin amene amachedwetsa kuundana kwa magazi, ndipo chizindikiro chimodzi mwa zija chikaoneka abwerere osadikira kuti kuche.

Chotsala ndi ana, ndipo apa sindikuona mfundo iliyonse yotsutsa imene ingaime. M'mawa uliwonse njinga zimanyamula ana a sukulu atatu kapena anayi, wamng'ono atakhala pa thanki kutsogolo, onse mitu ili pamtunda. Mutu wa mwana ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake, khosi lake ndi lofooka, chibade chake n'chopyapyala, ndiye akagwa mutu ndiwo umatsogola. Ubongo wake ukadali kukula, ndipo kuvulala kwa lero kumatha kudzaonekera patapita zaka, pamene mwana amene ankakhoza wayamba kulephera m'kalasi n'kumatchedwa waulesi. Chipewa cha munthu wamkulu pa mutu wa mwana chimagwedera ndipo chimavuka. Choncho kholo limene lapangana ndi wakabaza kuti azinyamula mwana tsiku ndi tsiku ligule chipewa cha msinkhu wa mwanayo monga limagulira yunifolomu ndi nsapato, ndipo makomiti a sukulu, amene amatha kubweza mwana chifukwa cha tsitsi losameta, ayambe kufunsa wakabaza aliyense wotsitsa mwana pa geti kuti chipewa cha mwanayo chili kuti.